Diso la Mkamwini

"Nandolo wanga yense ali pansi! Mzere wathunthu, kuyambira pachulu mpaka kukhwawa! Kumeneku ndi kupalira kapena kuba malo?"

A Lyson adaponya mtolo wa nandolo wofota pamapazi pa mlongo wawo Estele, dothi la kumizu n'kuwazikira m'mbale zimene iye ankatsuka. Pakhonde padali a Yakobo, amuna a Estele, khasu lili pakati pa miyendo. Adatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo, koma adaphonya pang'ono n'kumayang'ana khola la mbuzi.

"Achimwene, tayambani mwakhala pansi," adatero Estele.

"Ndikhaliranji? Nandolo ameneyu ndiye malire amene anatiikira malemu amayi. Uku kwanu, uko kwanga. Lero mkamwini wangodzuka n'kufafaniza. Mawa adzati munda wonse ndi wake."

"Pepani alamu," adayankha a Yakobo motsitsa mawu. "Ine ndimayesa chisoso."

"Chisoso! Munthu mwathyola tiyi ku esiteti mpaka kupuma ntchito, kusankha kansonga pakati pa masamba osawerengeka, lero mwaiwala nandolo? Musandiyese mwana, alamu."

Estele adapukuta manja pachitenje. Kuyambira chaka chatha ankabisa nkhaniyi monga momwe amuna ake adamupemphera. Popita kutchalitchi ankatsogola atavala mpango woyera kuti iwo azilondola, ndipo akakumana ndi munthu panjira ankafulumira kumutchula dzina mokweza kuti amuna akewo asasowe choyankha. Koma tsopano chinsinsi chidali chitasanduka mlandu wa malo, ndipo kuno ku Thuchila mlandu wa malo sutha ndi pepani.

"Saona, achimwene."

"Amake Sekani!" adadzuma a Yakobo.

"Ndibisirenji, bambo a Sekani? Akuyeseni wakuba? Achimwene, tawayang'anani m'maso."

A Lyson adawerama n'kuyang'anitsitsa. Pakati pa diso lakumanzere, pamene payenera kukhala pakuda, padali patayera ngati dontho la mkaka. Lakumanja lidali ngati galasi lopumirapo mpweya.

"Ndi ng'ala," adapitiriza Estele. "A Doris azaumoyo aja anawaunika ndi tochi atabwera kudzaona zitsime. Akuti m'diso muli kagalasi kamene kamachita chifunga munthu akamakula. Dzuwa la m'tiyi lija ndi utsi zimangofulumizitsa. Si ufiti, komanso palibe mankhwala odontheza amene angachotse. Madokotala a maso abwera kuchipatala cha pa Boma mwezi uno, akupala ng'ala ulere. Amachotsa kagalasi kachifungako n'kuikamo kena. Mawa lake munthu akuona."

"Kupala? Ndi mpeni? M'diso?" A Lyson adaweramuka ngati aponda moto. "Chemwali, mutu wanu ukuyenda bwino? Uyu ndi munthu wa eni. Tambala wobwereka sathothola nthenga. Akakafera patebulo, kapena akakabwera maso onse atazima, abale ake a ku Milanje, ku Mozambique kuja, adzagwira ndani pakhosi? Ine, mwinimbumba. Mlandu wa diso ndi wolemera kuposa wa ng'ombe."

"Nanga tingowasiya achite khungu tikuona?"

"Ndani wanena zimenezo? Tumizani uthenga kwa ankhoswe awo. A Gabriel abwere, aone m'bale wawo, anene okha kuti mpeni ulowe. Akavomera, ine ndilibe mawu. Safunsa anadya phula."

Adatola nandolo wawo uja, ngati kuti akadali ndi ntchito, n'kumapita. Atafika pampanda adacheuka.

"Ndipo khasu limenelo aliike pansi. Sindifuna kuti mawa andipalirire chimanga."

Foni ya a Gabriel, mng'ono wa a Yakobo, siinkalowa. Adasamukira kumunda kutali m'kati mwa Mozambique, kumene mafoni a kuno sagwira. Estele adapatsira uthenga mnyamata wa bizinesi yamakaka, chinangwa chouma, amene ankawoloka malire pachipata cha Muloza. Sabata itatha mnyamatayo adati adaiwala. Ulendo wotsatira adati wausiya kwa mayi wina wogulitsa mandasi amene amawadziwa. Estele adaimbira mwana wawo Sekani ku Joni, koma Sekani adangoti, "Mverani amalume, amayi, ine ndili kutali."

Masiku ankapita, mvula ikugwa, udzu ukupambana chimanga. Estele ankapalira yekha, ndipo akaweruka ankapeza amuna ake pamene adawasiya, pakhonde, manja ali pamaondo. Tsiku lina Doris adaima panjira osatsika panjinga yake.

"Amayi, sindinawaonetu abambo kuchipatala. Madokotala aja akumaliza sabata yamawa. Akapita, ndiye mpaka chilimwe. Ndipo diso loyera lija silofunika kudikira."

"Tikuyembekeza ankhoswe."

"Ankhoswe ndi amene akudwala? Zengerezu adalinda kwawukwawu, amayi."

Mawu amenewa adamukhala pamtima Estele ngati mbatata yodya popanda madzi. Adakakhala pafupi ndi amuna ake n'kuyamba kusenda chinangwa mwaukali, makoko akugwera kutali.

"Bambo a Sekani, ndifunseko. Diso limeneli ndi lanu kapena la a Gabriel?"

"Mwayambanso."

"Ndiyankheni. Amene akugunda zitseko ndi ndani? Amene dzulo anathira mchere m'tiyi ndi ndani?"

"Amake Sekani, mwambo sindinayambitse ine. Pano ndine mlendo. Alamu akati dikirani, ine ndidikira."

"Mlendo! Mlendo ndi mame, amakamuka dzuwa likatuluka. Inu mwakalambira pano. Njerwa za nyumba ino anaumba ndani? Mapeyala awa, amene achimwene amatchola osapempha, anadzala ndani?"

"Mitengo ndi yanga, nthaka ndi yanu," adatero a Yakobo. "Ndikachita mwano lero, mawa adzandisonyeza njira. Ndipite kuti ndi maso amenewa? Ku Milanje ndinachoka ndili mnyamata. Ngakhale chitsa changa kulibe."

Estele adaleka kusenda. Zimenezi zidali zoona, ndipo choonadicho ndi chimene chinkamupweteka.

"Komanso," adawonjeza a Yakobo monong'ona, "anthu amati amatulutsa diso lonse n'kuliika m'mbale, kulitsuka ngati nthutumba ya nkhuku."

"Anthu ake ati? Amene anapitako kapena a pabawo? A Doris anaseka mpaka misozi. Diso silichoka m'malo mwake. Amalichititsa dzanzi, munthu ali maso, kumacheza nawo. Akuti phala silizizira n'komwe."

"Akuti."

"Inde akuti! Nanga a Gabriel atabwera, iwo ndiye adzanena zoona zake? Munthu woti chipatala amachidziwira pamaliro?"

A Yakobo adangotambasula dzanja kufunafuna ndodo yawo, imene idali pafupi ndi phazi lawo lomwe. Estele adaiyang'ana, adayang'ana dzanja likupapasa pena, ndipo kwa kanthawi sadawapatsire. Ankafuna kuti akwiye, akalipe, achite chilichonse. Koma iwo adangopitiriza kupapasa modekha mpaka iye adachita manyazi n'kuwaikira m'manja.

Lamulungu lotsatira, pochokera kutchalitchi, Estele adatsekereza achimwene ake panjira.

"Achimwene, a Gabriel sakupezeka. Tiloleni tipite. Mlandu ukadzabwera ndidzausenza ine."

"Mkazi amasenza mtsuko, osati mlandu," adatero a Lyson akupukuta nsapato ndi tsamba. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ili ndi maso ake, achimwene. Amuna anga akutha."

"Ndiye chifukwa chake ndikuti eni ake abwere. Kapena, ngati zavuta, apite akadwalire kwawo. Inu munda wonse uja simungauthe nokha. Ndikhoza kukuthandizani chigawo chakumunsi."

Apa ndi pamene Estele adazindikira kumene mphepo inkalowera. Adafuna kuyankha, koma amayi a chigwirizano ankadutsa, ndipo mlongo satukwana mwinimbumba pamsewu.

Pakati pa sabata yomaliza ija, masana dzuwa litatentha, a Yakobo adayamba kubuula. Diso loyera lija lidafiira ngati tsabola, misozi ikungotsika, ndipo ululu udakwera mpaka theka la mutu. Adasanza kawiri. Estele adawaika nsalu yonyowa pachipumi, koma munthu amene sadalirepo ngakhale pamaliro a mayi ake ankalira ngati mwana.

M'mawa mwake njinga yamoto idaima pabwalo. A Lyson adatsika kumbuyo kwa wakabaza n'kuyamba kulamula asanapereke n'komwe moni.

"Chemwali, amangireni zovala. Matenda akula awa. Munthu asatifere m'manja muno. Mnyamatayu akawasiya pa Muloza, kumeneko abale awo akawapeza."

"Akawapeza bwanji, pamene uthenga weniweniwo sunawapeze?"

"Pachipata aliyense amadziwana. Fulumirani."

Anthu oyandikana nawo adayamba kusonkhana kumpanda. Estele adalowa m'nyumba. Adamanga malaya awiri, bulangete, mbale ndi kapu m'chitenje. Adatuluka atagwira amuna ake pamkono, n'kuwakweza panjinga, kenako iyenso adakwera kumbuyo kwawo, katundu ali pamsana.

"Inu mukupita kuti?" adafunsa a Lyson.

"Kuchipatala cha pa Boma."

"Ndati pa Muloza!"

"Inu mwatero. Ine ndati kuchipatala." Mawu a Estele adamveka mpaka kumpanda. "Achimwene, pamene munthuyu ankakufolererani nyumba, simunaitane a Gabriel. Pamene ananyamula amayi panjinga kupita nawo kuchipatala, simunati ndi wa eni. Ali ndi mphamvu anali wathu, lero wadwala wasanduka wobwereka? Khasu likabuntha amanola, sataya kutchire."

"Estele! Ukulankhula ndi ine? Ukapita kumeneko, ukhoswe wanga ndachotsamo. Chikakuonekera usadzagogode kwanga. Ndipo za munda tidzakambirana bwino."

"Tidzakambirana. Pali amfumu, pali anthu awa akumva."

Wakabaza adayang'ana uku ndi uku. "Akuluakulu, ndiye ndilowere kuti? Mafuta akuthatu."

"Funsa wodwalayo," adatero Estele, osadziwa chimene amuna ake anene.

A Yakobo adalankhula dzanja lili padiso, mawu akutuluka movutikira pakati pa mano.

"Alamu, ndakumverani zaka zonsezi. Lero ndimvereko diso langa. Mwana iwe, kuchipatala."

Pakhonde la chipatala padali mzere wa okalamba, ena atamatidwa kale thonje kumaso, akuseka ndi owadikirira. Namwino ataona diso lofiiralo adawalowetsa osadikira mzere. Dokotala wa maso, mayi wamtali wa magalasi, adawadontheza mankhwala, adawaunika ndi makina, n'kuyeza diso lililonse payokha. Adazimitsa nyali ya m'chipindamo n'kuwalitsa tochi kumanzere.

"Bambo, kuwala kukuchokera kuti?"

"Kulibe kuwala, adokotala."

Adayesanso mbali ina, kenako ina. Pomaliza adayatsa nyali n'kukhala pansi moyang'anana ndi Estele.

"Amayi, ndikuuzani zoona. Lakumanjali ndi ng'ala wamba, tipala mawa ndipo aona. Koma lakumanzereli ng'ala yake inakhwima mopitirira. Inatupa n'kutseka njira imene madzi a m'diso amatulukira. Madziwo akhala akukanikiza mtsempha woonera kwa nthawi, ululu wadzulowu ndi mapeto chabe. Ululu tiuthetsa, koma mtsempha ukafa sudzukanso."

"Ngakhale mutapala?"

"Ngakhale titapala. Mukadabwera mwezi uno ukuyamba, mwina tikadapulumutsako. Mukadabwera chaka chatha, sitikadakambirana n'komwe zimenezi. Munali kuti?"

Estele adayang'ana pansi. "Timadikira eni ake."

"Eni ake a chiyani?"

"A munthuyu. Ankhoswe."

Dokotala adavula magalasi n'kupuma mozama, ngati munthu amene nkhaniyi waimva kambirimbiri. Kenako adatembenukira kwa a Yakobo.

"Bambo, ndinu wamkulu, mutu wanu uli bwino. Wovomera ndi inuyo, palibenso wina. Tipale?"

"Palani."

"Chabwino. Amayi, nanunso khalani apa ndikuoneni."

"Ine ndilibe vuto, adokotala."

"Abambowanso ankatero. Ng'ala siyamba ndi ululu, imabwera ngati nkhungu ya m'phiri, pang'onopang'ono, munthu n'kumati kwangoda. Palinso matenda ena a maso amene amadya mwakachetechete. Munthu akapitirira zaka makumi anayi aziyezetsa chaka ndi chaka, ngakhale akuona singano pansi." Adamuunika. "Mwaona? Kumanja kwayamba kachifunga. Sikofunika kupala lero, koma chaka chamawa ndikuoneni pano. Musadikire munthu."

Opaleshoni idatha Estele asanamalize kutsuka mbale kumpopi. Tsiku lotsatira namwino adamatula thonje. A Yakobo adaphethira, adaphethiranso, n'kuyang'ana pazenera. Mvula idali itangokata, ndipo mitsinje yoyera inkatsetsereka pamatanthwe a phiri.

"Amake Sekani," adatero, "madzi aja akadatsikabe m'phiri?"

Estele adaseka, koma kusekako kudathera m'misozi. Ankayang'ana diso lotseguka, kenako linzake lozima. Diso lathunthu lidapita chifukwa chodikira munthu amene mwina mpaka pano sadamve n'komwe uthenga.

Adabwerera kumudzi Loweruka, kukuwaza mvula yamawawa. Nkhani idali itawatsogolera kale kudzera mwa akabaza. Pagolosale ya pamphambano, pamene abambo amasewera bawo pansi pa khonde, a Lyson adali ataimirira pakati pa gulu. Ataona awiriwo akutsika panjinga, a Yakobo atavala magalasi akuda, adakweza mawu.

"Si awo! Ndinanena ine. Anapita ndi maso awiri, abwera ndi limodzi. Mpeni si chinthu chosewera nacho. Tsono abale ake akabwera, aliyense pano ndi mboni kuti ine ndinakana."

Amayi ena amene adabisala mvula pomwepo adagwedeza mitu. Mmodzi adanong'oneza mnzake kuti apongozi ake sawatumizanso kumeneko.

"Si choncho!" adafuula Estele. "Diso lija linafa chifukwa chochedwa. Adokotala anena okha kuti tikadapita msanga..."

"Adokotala angavomere kuti alakwitsa?" adadula a Lyson, anthu n'kuseka. "Madzi akatayika saoleka, chemwali. Tsopano muziwatsogolera ndi ndodo mpaka imfa."

Estele akadayambira pati? Mtsempha, madzi a m'diso, kagalasi, ndani akadamvetsera zimenezo pamene bodza lidali lalifupi ndi lokoma? Adamva dzanja la amuna ake likuchoka paphewa pake.

A Yakobo adayenda okha. Adalambalala chithaphwi, adadumpha ngalande, n'kukwera pakhonde la golosale osapapasa chipilala. Bawo lidaima. Adafika pamaso pa a Lyson n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Ta... tadzuka."

"Mwanena zoona, ndabwera ndi diso limodzi. Linzake munalisunga ndinu pondidikiritsa." Adagwira kolala ya chikhothi chamvula chachikasu chimene a Lyson adavala, n'kuitembenuza kuti aliyense aone zilembo zolembedwa ndi utoto m'kati mwake. "Koma limodzi lomweli likundiuza kuti chikhothi ichi ndi changa. Anandipatsa ku esiteti popuma ntchito, ndipo ndinachisiya pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Munayamba kale kugawa za malemu?"

Wina pabawo adaphulika ndi phwete, ndipo gulu lonse lidatsatira. Mayi uja wa apongozi adasendera pafupi kuti aonetsetse nkhope ya a Yakobo.

"Ndinangobwereka chifukwa cha mvula," adatero a Lyson, zala zikulimbana ndi mabatani.

"Vulani bwinobwino, musang'ambe," adayankha a Yakobo. Adalandira chikhothicho, adachikutumula, n'kumuveka Estele pamapewa. "Tiyeni kwathu, amake Sekani. Nditsogola ine."